Gulper, pampu yamanja yopopera zimbudzi: zimene imatha ndi pomwe imalekezera

Ku Ndirande, Mbayani, Bangwe, Mtandire kapena Chinsapo, galimoto yopopa zimbudzi imathera pamsewu waukulu. Kuchoka pamenepo ndi tinjira tokhotakhota pakati pa mipanda, pena podutsa wilibala yokha. Paipi ya galimotoyo imagwira bwino ntchito ngati dzenje lili mkati mwa mamita 30, pomwe chimbudzi chadzazacho chili kutali mkati mwa mudzi. Kale anthu ankangokwirira dzenje n'kukumba lina. Nanga pa puloti pomwe alandilodi amanga mdadada mpaka kumpanda, malo okumba atsala pati? Pampu ya Gulper inapangidwira malo otere, ndipo tiyiweruza pa ntchito imeneyo basi.

Tinene poyambirira pomwe: ndi chida chabwino. Mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi makina a injini, wowotcherera wa pamsika angathe kuchikonza, sichifuna mafuta, ndipo chimatulutsa munthu m'dzenje momwe kale ankatsikiramo ndi chidebe. Koma chimatenga zapamwamba zokha, zamadzimadzi. Amene akuyembekezera kuti dzenje litsala mbee ngati latsopano adzakhumudwa. Ndipo pakhomo pomwe madzi a mvula amalowa m'chimbudzi, ndalama yonse yopopetsera imatha kupita ndi mvula ya usiku umodzi.

Mkati mwake muli chiyani

Gulper inatuluka mu 2007 ku London School of Hygiene and Tropical Medicine, ndipo mwini nzeruyo ndi Steve Sugden. Inayesedwa ku Dar es Salaam, kenako bungwe la Water For People linaifalitsa kwa anthu ochita bizinesi yopopa zimbudzi ku Kampala ndi ku Blantyre.

Thupi lake ndi paipi ya pulasitiki ya PVC yotalika pafupifupi mamita 2, m'mimba mwake masentimita 10. Mkati muli mavalavu awiri achitsulo chosachita dzimbiri, opangidwa ngati mapiko a gulugufe: amatsegukira m'mwamba mokha. Valavu imodzi inamangidwa kunsi kwa paipi ndipo siyenda. Inayo ili kumapeto kwa ndodo yachitsulo yomwe pamwamba pake pali chogwirira chonga chilembo T. Mukakoka ndodo, valavu ya pandodo imatseka n'kunyamula zonse zimene zili pamwamba pake, yapansi n'kutseguka kuti zina zilowe. Mukakankha, yapansi imatseka kuti zalowazo zisabwerere, ya pandodo imatseguka n'kumira m'matopemo. Mukatero kangapo, zonyansa zimafika pa mlomo wopendekera pansi n'kugwera mumgolo. Kunsi kwenikweni kuli sefa ya waya wokhuthala yoletsa nsanza ndi mabotolo. Amene anamasulapo mjigo azindikira msanga kuti nzeru yake ndi yomweyo, kungoti pano mipata ndi yaikulu.

Amati imakoka malita 30 pamphindi, ndipo masamu ake akugwirizana: m'paipi ya masentimita 10, kukweza ndodo masentimita 30 kumatulutsa malita awiri ndi pang'ono, ndiye kukoka ka 13 pamphindi kwakwana. Koma izi zimatheka pa matope osungunuka ngati phala la mwana, mavalavu ali atsopano, wopopa asanatope. Paipi ikadzaza imasunga malita pafupifupi 16, ndipo ambiri mwa malitawo ali pamwamba pa valavu imene munthu akuinyamula ndi manja ulendo uliwonse. N'chifukwa chake ntchitoyi imafuna anthu awiri kapena atatu, wina pa chogwirira, wina kugwira paipi ndi kuyang'anira mgolo, wina kututa, n'kumasinthana.

Ntchito ikamayenda bwino imayenda chonchi

Gulu lodziwa ntchito siliyamba ndi pampu. Limayamba ndi tochi. Funso loyamba ndi lakuti, kodi dzenjelo n'lowakidwa ndi njerwa m'mbali? M'dzenje losawaka, zonyansa zomwezo ndi zimene zimachirikiza makoma a dothi. Mukazichotsa msanga, makamaka dothi litanyowa, makomawo amagumuka, silabu n'kutsatira, pamodzi ndi munthu waimirira pamenepo. Ming'alu pa silabu, dothi lotitimira m'mphepete, khoma la kanyumba lopendekeka, zonsezi zikutanthauza kuti musapope. Chimbudzi cha mitengo yoyala n'kufotsera dothi ndiye osayerekeza n'komwe, chifukwa mitengoyo imaola kunsi pamwamba pakuoneka bwinobwino. Wopopa amene wakana dzenje lotere wakuchitirani zabwino ngakhale inu mukwiye.

Kenako amayeza ndi nsungwi yaitali: pomwe zonyansa zayambira kuchoka pa silabu, pomwe zayamba kulimba, ndi pansi penipeni ngati nsungwiyo ingafike. Muyezo umenewu ndi umene umanena kuti patuluka migolo ingati, ndipo mtengo uyenera kuchoka pamenepo.

Vuto loyamba la Gulper limaonekera pakhomo pa chimbudzi. Paipi ya mamita 2 iyenera kulowa choimirira, ndodo nayo iyenera kukwera, koma zimbudzi zathu zambiri n'zazifupi ndiponso zothina. Nthawi zambiri pamafunika kuzula lata limodzi la denga. Bowo nalonso, makamaka la silabu zija zopanikiza kutsogolo, limakana sefa ya pampu, ndiye kapena kulikuza ndi tchizulo kapena kuboola pambali. Kuswa silabu ndi kuibwezeretsa ndi simenti kukambidwe ntchito isanayambe, chifukwa pamenepa ndi pomwe mikangano yambiri ya opopa ndi eni nyumba imabadwira. Amene mukumanga chimbudzi chatsopano, dzenje lituluke kuseri kwa kanyumba ndi masentimita 50, pamenepo muikepo kasilabu kochotseka komata ndi matope ofooka a simenti. Ndi thumba la simenti losakwana limodzi, koma lidzapulumutsa silabu yanu ulendo uliwonse wopopa.

Ikatha nkhani ya polowera, imabwera ntchito imene imadya nthawi kuposa zonse: kuvuula zinyalala. Chida chake ndi ngowe ya chitsulo chomangira nyumba cha Y12, yotalika mamita 2 kapena 3, ya mano atatu kapena anayi opindika. Zimene zimatuluka m'dzenje la m'tauni ndi matewera a ana otaya, mapadi, majumbo, nsanza, mabotolo, zitsononkho, tsitsi loluka, masaka, ngakhale miyala. Kumene galimoto yotola zinyalala sifika, chimbudzi ndicho chimasanduka dzala, ndipo amayi ambiri amataya mapadi ndi matewera mmenemo chifukwa choopa kuti wina angawatole. Chifukwa chimenechi n'chomveka ndipo sichitha ndi kukalipa. Koma Gulper ndi thewera sizimvana ngakhale pang'ono. Thewera likamwa madzi limafufuma n'kumata sefa yonse. Jumbo yong'ambika imapyola sefa n'kukakola pa mapiko a valavu, valavuyo n'kusiya kutseka. Mudzazindikira chifukwa ndodo imapepuka mwadzidzidzi, mukupopa koma pamlomo palibe chotuluka. Zikatero pampu yonse iyenera kuzulidwa, ili yodzaza ndi yolemera, n'kuichotsa chokolacho ndi dzanja. Gulu limene limafupikitsa nthawi yovuula limadzalipira nthawi yomweyo kawiri pozula pampu.

Ku Kanyama mumzinda wa Lusaka, komwe zinyalala m'maenje n'zochuluka, opopa a Kanyama Water Trust amadalira mafosholo ndi zokowera za mipini yaitali pamodzi ndi migolo ya malita 60. Ku Durban nako, khonsolo ya eThekwini inachotsa zonyansa m'zimbudzi zake masauzande ambiri ndi zida zamanja zamtundu womwewo. Sikuti anthuwa sadziwa za mapampu. Zinyalala ndi kulimba kwa matope n'zimene zinasankha chida. Choncho gulu la Gulper lopanda fosholo ya mpini wautali ndi ngowe yabwino silinakwane.

Matope akakhala olimba, amawasungunula: kuthira madzi malita 20 kapena 40, kutakasa ndi mtengo kwa mphindi zingapo, kuyesa kupopa, kenako kuwonjezera ngati akukanabe. Pang'onopang'ono, chifukwa lita iliyonse mwathira mudzainyamulanso mumgolo ndipo mwini nyumba adzailipira. Apa mpofunika maso. Wopopa wosakhulupirika amathira madzi ambiri, migolo n'kudzaza msanga ndi madzi akuda, iye n'kuwerenga migolo, dzenje litangotsika pang'ono. Njira yodzitetezera ndi yosavuta: yezani ndi nsungwi ntchito isanayambe ndiponso itatha, muwerengenso zidebe za madzi zimene zalowa.

Za migolo, diramu ya malita 200 ikadzaza imapitirira makilogalamu 200, ndipo palibe anthu awiri angainyamule m'kanjira ka matope. Imayenera kukhala pa galimoto kapena pa njinga yamoto ya matayala atatu kumsewu. Pakati pa chimbudzi ndi msewu pamayenda timigolo ta malita 50 kapena 60 ta zivindikiro zomanga ndi lamba wachitsulo, todzazidwa mosafika pakamwa. Pansi pa mlomo wa pampu payalidwe pulasitiki yokhuthala, ndipo pamlomopo pamangidwe kapaipi kofewa kolowa mumgolo. Gulper yopanda kapaipi kameneka imathovukira pa miyendo ya wopopa ndi pakhoma, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zolakwika zodziwika za Gulper ya mtundu woyamba.

Pomwe imalekezera

Kufika kwake ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchoka pa silabu. Tiyerekeze dzenje la mamita 1.2 mbali zonse, lakuya mamita 3, lodzaza mpaka kutsala theka la mita. Gulper ichotsa mita imodzi yokha, omwe ndi malita 1,440: madiramu 7 a malita 200, kapena timigolo 24 ta malita 60. Theka lonse la dzenjelo latsala osakhudzidwa, ndipo zotsalazo n'zimene zakhala zaka zambiri, zolimba ngati dongo loumbira mbiya. Zimenezo ngakhale galimoto yopopa imazilephera popanda kuzisungunula ndi madzi amphamvu.

Kodi mita imodziyo ndi yokwanira? Zitengera kuti pakhomo pali anthu angati. Munthu mmodzi amawonjezera m'dzenje malita 40 mpaka 60 pachaka, ndipo amafika 90 ngati akugwiritsa ntchito zinthu zosaola msanga monga zitsononkho ndi mapepala olimba. Banja la anthu 6, pa malita 60, ndi malita 360 pachaka, ndiye malo mwapopawo akhala zaka 4. Pamenepo Gulper yachita ntchito yooneka. Koma pa mdadada wa alendi 20 ndi malita 1,200 pachaka, kutanthauza kuti pakatha miyezi 14 mukuitananso opopa. Alandilodi a mdadada aziika ndalama imeneyi pa bajeti ya chaka ndi chaka ngati mmene amachitira ndi bilu ya madzi, osadikira alendi ayambe kudandaula za mphutsi pa silabu.

Mitundu imene inabwera pambuyo, monga Rammer ndi Gulper 4, inapangidwa kuti izitalikitsidwa kufika pafupifupi mamita 3, ndipo imathandiza pa vuto la denga lalifupi poti imalowa ili yofupika. Amene akugula lero ayambe kufunsa za mitundu imeneyi. Ngakhale zili choncho, kutalika sikuthetsa kulimba kwa matope apansi, ndipo zigawo zikachuluka, malo otha ndi odontha nawonso amachuluka.

Kuwonongeka kwa pampuyi kuli ndi malo ake odziwika. Paipi ya PVC imang'ambika, kawirikawiri pomwe yalumikizana ndi chitsulo kapena pomwe imatsamira m'mphepete mwa silabu wopopa akamaipendeketsa. Kuisiya padzuwa miyezi yambiri kumaiumitsa n'kukhala yosachedwa kusweka. Paipi yopyapyala ya madzi otaya, ija yotsika mtengo, sikhalitsa. Funani yokhuthala ya madzi a mphamvu. Kachitsulo kogwira mapiko a valavu kamapindika, ndodo imathyoka pomwe anawotcherera chogwirira. Ngati wopanga waika mavalavu achitsulo wamba n'kupaka penti kuti aoneke bwino, mkodzo ndi kolorini wotsukira zimawadya msanga. Musanalipire, imikani pampu mu diramu ya madzi, popani mpaka paipi idzaze, kenako siyani. Madzi akatsika msanga, valavu yapansi sikutseka, ndipo pa matope idzavuta koposa. Onaninso kuti gawo lakunsi limamasulidwa ndi mabawuti. Lowotcherera lidzakuvutani tsiku limene jumbo yakola mkati.

Mvula ndi imene imagamula

Apa mpomwe tikufuna kukhalapo, chifukwa anthu ambiri amaimba mlandu pampu kapena opopa pomwe wolakwa ndi madzi a padenga.

Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi mbali zonse imapereka lita imodzi. Denga la malata la mamita 10 m'litali ndi 6 m'lifupi, pa mvula ya mamilimita 30, yomwe si yachilendo mu Januwale, limatsitsa malita 1,800. Yerekezani ndi malita 1,440 amene anthu atatu avutika nawo tsiku lonse. Ngati bwalo latsetserekera kuchimbudzi, kapena silabu ili pa mulingo umodzi ndi nthaka, gawo lalikulu la madziwo lilowa m'dzenje. Mwini nyumba akadzuka n'kupeza chimbudzi chadzazanso, amati opopa amubera. Madziwo akachuluka amasefukira, n'kutenga zonyansa kupita nazo pabwalo, mu ngalande, m'chitsime cha anansi, mpaka mu Mudi kapena mu Lingadzi.

Pali mchitidwe wina umene tonse tikuudziwa ngakhale sitiukamba masana: kuboola dzenje m'mbali mvula ikamagwa kuti zonyansa zipite ndi madzi a mu ngalande. Amene amatero nthawi zambiri ndi anthu osowa pogwira, koma zimene atulutsazo zimakathera kwa mnzawo wa kumunsi. Mliri wa kolera umene unayamba mu Marichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Patangopita miyezi iwiri, namondwe wa Freddy anagumula nyumba ndi zimbudzi ku Chilobwe ndi madera ena a m'mphepete mwa phiri la Soche. Phindu lalikulu la Gulper, ngakhale ili ndi zofooka zonse tatchulazi, n'lakuti imapatsa munthu wa m'kanjira kopanikiza njira ina m'malo mwa kuboola dzenje.

Koma kuti phindulo lioneke, nthawi yopopa ndi Seputembala kapena Okutobala, mvula isanayambe. Dothi limakhala louma ndi lolimba, makoma sagumuka msanga, tinjira timayendeka ndi mgolo, ndipo dzenje limalowa dzinja lili ndi malo. Anthu ambiri amaitana opopa mu Febuluwale chimbudzi chitasefukira kale. Nthawi imeneyo, m'madera a m'dambo momwe madzi a pansi pa nthaka amakwera, mumapopa lero, mawa madzi abwereranso pomwe anali, chifukwa akulowera m'mipata ya njerwa kuchokera m'nthaka. Mukulipira kuti mupope dambo. Chizindikiro chake n'chakuti zotuluka zimakhala zamadzi kwambiri ndipo mulingo sutsika molingana ndi migolo yatuluka. Wopopa wachilungamo amaima n'kukuuzani. Malo otere yankho lake ndi chimbudzi chokwezedwa pamwamba pa nthaka chokhala ndi thanki yomata bwino ndi simenti, osati kupopa kawirikawiri.

Kutchinga madzi a mvula sikufuna ndalama zambiri. Silabu ikhale masentimita 15 mpaka 30 pamwamba pa nthaka, dothi lotsendera litsetsereke kuchoka pa kanyumba mbali zonse. Njerwa za theka la mita loyamba m'dzenje ziwakidwe ndi simenti popanda mpata. Mipata yolowetsa madzi m'dothi iyambire kunsi kwa pamenepo. Kumtunda kwa chimbudzi kumbani kangalande kopatutsa madzi. Denga la chimbudzi chenichenicho litayire madzi kutali ndi dzenje. Madzi a kubafa asalowe m'dzenje la chimbudzi: anthu 6 osamba chidebe cha malita 20 aliyense ndi malita 120 tsiku lililonse, ndipo m'dothi la makande madzi amenewo samwerera.

Nanga madzi a padengawo apite kuti? Kuwakankhira kwa anansi kapena mumsewu ndiko kumakumba zigwembe zimene zimathyola akiselo za magalimoto m'makwalala athu. Dzenje lomwetsa madzi lodzaza miyala limathandiza, koma anthu amalikumba laling'ono kwambiri. Miyala imatenga malo ambiri, madzi amangokhala m'mipata, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Dzenje la mita imodzi mbali zonse limasunga malita 300 okha kapena kupitirira pang'ono. Kuti mumwetse malita 1,800 aja mufunika maenje otere 6. N'chifukwa chake nzeru ndi kuyamba ndi thanki ya malita 2,000 kapena 5,000 yolandira madzi a padenga, ochapira ndi otsukira, zosefukira zake n'kupita ku dzenje la miyala lomwe lili mamita osachepera 5 kuchoka pa maziko a nyumba ndiponso kutali ndi chimbudzi. Bwalo lonse lisamatidwe simenti. Kapinga, mzere wa vetiva m'malire, kapena njerwa zoyala pa mchenga zimalola madzi kulowa pansi pomwe agwera.

Galimoto yopopa kapena Gulper

Kumene msewu ulipo ndipo muli ndi sepitiki thanki, itanani galimoto. Imanyamula malita 3,000 mpaka 12,000 ulendo umodzi, zonyansa zimayenda m'paipi yotseka, ndipo ntchito imatha msanga. Gulper ingathe kupopa sepitiki thanki, poti zamkati n'zamadzimadzi ndipo zinyalala n'zochepa, koma thanki ya malita 3,000 ndi timigolo 50. Vuto linanso n'lakuti chofunika kuchotsa mu thanki ndi matope okhazikika pansi ndi chikhungu choyandama pamwamba, osati madzi apakati. Pampu yosafika pansi imangotenga madziwo, matope n'kutsala, kenako n'kupita kukatseka sokawe, dzenje lomwetsa madzi otuluka mu thanki. Sokawe ikatsekeka, kupopa thanki sikuitsegula.

Ubwino wa Gulper pa ndalama ndi wakuti mungalipire pang'ono. Galimoto imalipiritsa ulendo wonse, pomwe a Gulper amawerenga pa diramu, ndiye banja lingachotse madiramu awiri mwezi uno, ena awiri likapeza ndalama. Pa lita imodzi mtengo umatha kukwera kuposa wa galimoto, koma ndi ndalama imene munthu wa geni angaipeze.

Mawu amodzi pa mankhwala ogulitsidwa m'mabotolo ndi m'mapaketi, amene amati amasungunula chimbudzi kuti chisadzaze. Kafukufuku wothandizidwa ndi Water Research Commission ku South Africa anayesa mitundu yambiri ndipo sanapeze kuti imachepetsa zonyansa m'dzenje. Chimene chimaoneka ngati kutsika ndi madzi osungunulira mankhwalawo, amene amafafaniza kamulu ka pansi pa bowo. Ndalama imeneyo ndi bwino isungidwe ya opopa.

Migolo ikachoka pakhomo

Pampu imangotulutsa zonyansa m'dzenje. Ngati migolo ikukakhuthulidwa mu khwawa kuseri kwa msika, ndiye mwalipira kuti matenda achoke pakhomo panu apite pa anthu ambiri. Ndalama yaikulu pa bizinesi imeneyi si pampu, ndi mayendedwe: kubwereka galimoto, mafuta, ndi chiphaso chotayira kumalo ovomerezeka, monga malo oyeretserako madzi onyansa a ku Blantyre kapena maiwe a ku Kauma ku Lilongwe. Wopopa amene mtengo wake watsika modabwitsa, funsani kuti akadula pati, chifukwa kawirikawiri wadula ulendo wokataya. Pemphani lisiti ya kotayirako, ndipo gawo lomaliza la malipiro liperekedwe mutaiona.

Kotayirako nakonso kuli malire. Zonyansa za m'dzenje n'zamphamvu kwambiri kuposa madzi a m'mapaipi a suweji, amene ndi madzi ochuluka ndi zonyansa pang'ono. Ku Durban atayesa kuthira zochokera m'zimbudzi za maenje m'malo oyeretsera madzi a suweji, malowo analemedwa n'kusokonekera, ndipo khonsolo inafuna njira zina, kuphatikizapo makina a LaDePa amene amaumitsa zonyansa ndi kutentha n'kuzisandutsa timibulu tothira m'munda. Phunziro lake kwa makhonsolo athu n'lakuti kuchulukitsa magulu a Gulper kuyende limodzi ndi kumanga mabwalo oumitsira zonyansa, a mchenga ndi miyala kunsi, okhala ndi denga kuti mvula isabwezeretse madzi amene dzuwa lachotsa, komanso malo olandirira migolo pafupi ndi midzi yopanikizana kuti ulendo ufupike.

Za opopawo. Magolovesi aatali a labala, magambuti, ovololo, chotchinga pakamwa ndi mphuno ndi magalasi a m'maso si zokongoletsa. Mazira a njoka za m'mimba amakhala amoyo m'zonyansa kwa miyezi yambiri, ngakhale zaka. Munthu asatsikire m'dzenje kapena mu thanki ngakhale pampu itagweramo: mpweya wonunkha ngati dzira loola ukachuluka umapha mphuno, munthu n'kuganiza kuti watha, kenako n'kukomoka. Fodya, kandulo ndi machesi zikhale kutali, chifukwa mpweya wina wa mmenemo umayaka. Kuthira palafini kapena dizilo kuti fungo lichepe kumapha tizilombo toolesa zonyansa n'kukaipitsanso kotayira.

Potsuka, ufa wa kolorini wa HTH ndi umene umapezeka. Masupuni aakulu awiri osasefukira, pafupifupi magalamu 30, mu malita 10 a madzi ndi mlingo wotsukira silabu, makoma, migolo ndi pampu. Pomwe zonyansa zatayikira pansi, kokolani kaye ndi fosholo, kenako thirani wamphamvu, magalamu 30 pa lita imodzi. Wosamba m'manja ndi wofooka kwambiri, theka la supuni yaikulu mu malita 10, kapena sopo ndi madzi oyenda. Pampu ikatsukidwa ndi kolorini itsukuluzidwenso ndi madzi wamba, chifukwa kolorini wotsalira amadya ndodo ndi mabawuti. Madzi onse otsukira abwerere m'dzenje kapena mumgolo womaliza, osati mu ngalande, ndipo zinyalala zovuulidwa zija zipite m'masaka omanga pa galimoto yomweyo. Opopa asanachoke, lata la denga likhomedwe, silabu imatidwe, ndipo ana asayandikire pamalopo mpaka pataumiratu.